Mwana akufuna ball python, khola tilikonze bwanji kuno ku Johannesburg?

Funso lachokera kwa mayi wina wakumudzi amene akukhala ku Johannesburg. Akuti: "Mnyamata wanga wazaka 14 wandikakamira kuti tigule njoka ija amati ball python, wakhala akusunga ndalama yake yekha. Kushopu atiuza kuti tingogula thanki yagalasi ya masentimita 60, kamphasa kotenthetsa ndi babu lofiira basi. Ine njoka ndimaziopa koma ndavomera. Kodi zimenezi zikukwana? Tikukhala mu fulati ya lendi."

Mayi, mwachita bwino kufunsa njoka isanalowe mnyumba, ambiri amafunsa itadwala kale. Kunena mosapita mbali, zimene akuuzanizo sizikukwana, ndipo chinthu chofunika kuposa zonse sanakutchulireni nkomwe, chomwe ndi thermostat. Ndifikapo bwinobwino, koma poyamba mudziwe kaye kuti mukukonzera nyumba kanyama kotani.

Ball python kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, maiko ngati Ghana, Togo, Benin, Nigeria mpaka ku Uganda uko. Dzina lake la sayansi ndi Python regius, ku Britain amati royal python. Kwathu ku Malawi kulibe, nsato yathu ija ndi mtundu wina, imatha kupitirira mamita 4 ndipo imeneyo siyoweta mu fulati ayi. Iyi ndi yaying'ono, yaikazi imafika mita 1.2 mpaka 1.5, yaimuna imacheperako, ululu ilibe, ndipo ikaopa siithamangira kuluma, imangodzikulunga nkubisa mutu mkati. Kutchire imaswera muuna wa makoswe kapena mchulu chakale, usiku nde imatuluka kukasaka. Taganizani mkati mwa chulu mmene mumakhalira: mofunda, mwa chinyezi, mwamdima, mothina. Zinayi zimenezi ndi zomwe khola lanu likuyenera kupereka, zina zonse ndi zokongoletsa chabe.

China choti mukambirane ndi mnyamatayo lero lomwe, njokazi zimakhala zaka 20 mpaka 30 zikamasamalidwa, zina kupitirira apo. Ku Saint Louis Zoo ku America kunali yaikazi imene inaikira mazira mu 2020 ili ndi zaka 62. Nde mwana wanuyo adzamaliza sukulu, adzapita ku koleji kumene mu hostel sangamulole nayo, pa nthawi imeneyo wosamala mudzakhala inuyo mayi. Ndikunena izi osati kukuopsezani koma kuti nanunso muphunzire zonsezi, osangomusiyira yekha.

Za kukula kwa khola. Yaikulu imafuna khola la masentimita 120 mulitali, 60 mulifupi ndi 60 kupita mmwamba, ndiwo muyeso umene oweta ambiri masiku ano amautenga ngati poyambira. Thanki ya 60 ija ingathe kusunga kamwana kongoswedwa kumene kwa miyezi ingapo, kenako mudzagulanso lina, ndalama kawiri. Mumva anthu akunena kuti kanjoka kakang'ono kamasokonezeka mkhola lalikulu, zoona zake nzoti chomwe kamaopa ndi pambalambanda, malo oyera opanda pobisala. Mukalidzaza ndi zobisalamo, masamba apulasitiki, makungwa ndi nthambi moti kakhoza kuchoka mbali ino kufika mbali inayo osaonekera kwambiri, khola lalikulu silivuta olo pang'ono. Ine ndingakonde mugule lalikululo kamodzi nkuiwalako.

Ndipo lisakhale lagalasi mbali zonse lokhala ndi sefa pamwamba. Mukudziwa nokha mmene Johannesburg imazizirira mu June ndi July, usiku kumatsika kufika madigiri 4, masiku ena mpaka madzi kuuma panja, mpweya nkukhalanso wouma woti milomo kuchita kung'ambika. Galasi silisunga kutentha, sefa ija nayo imangotulutsa kutentha ndi chinyezi chonse kumwamba, nde mudzakhala mukulimbana nalo tsiku ndi tsiku mukulipira magetsi ambiri njoka ikuzizidwabe. Pezani la pulasitiki yolimba ija amati PVC, kapena lamatabwa a melamine lomatidwa silicone mmakona kuti madzi asalowe mthabwa, galasi likhale kutsogolo kokha, lotsegula chokankhira kumbali, ndi timabowo tolowera mpweya. Kutsegulira kutsogolo kumathandizanso chifukwa adani ake kutchire monga mbalame zolusa amabwera kuchokera mmwamba, dzanja lotsika kuchokera kumwamba limaidzidzimutsa. Loko ndi wofunika, musanyozere. Njokazi zili ndi mphamvu kuposa mmene zimaonekera, usiku wonse imakhala ikukankha ndi mphuno paliponse pamene pali kampata, ndipo pamene mutu wadutsa thupi limathanso kudutsa. Mu fulati ikathawa imatha kulowa kuseri kwa firiji, mu sofa, kapena kwa neba, apo nde nkhani yakula. Ngati mwagula kale thanki yagalasi ija, phimbani mbali zitatu kunja ndi polystyrene, zoyera zopepuka zija amatchingira katundu mmakatoni, ndipo mutseke gawo lalikulu la sefayo. Koma mkati musamate selotepi kapena tepi ya mtundu uliwonse, ikamamatira pathupi imachotsa mamba ndi khungu lomwe.

Tsopano kutentha, apa nde ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe njoka zambiri zoweta zimavulalira. Njoka siipanga yokha kutentha kwa mthupi ngati ife, imadalira malo amene yakhala. Ikadya imapita pofunda kuti chakudya chigayike, ikafuna kupuma imasamukira kozizirirako. Choncho khola likhale ndi mbali ziwiri, yofunda ya madigiri 31 mpaka 33, ndi yozizirirako ya 24 mpaka 27. Zotenthetsa zonse zikhale mbali imodzi, osati pakati, osatinso mbali zonse. Usiku kukhoza kutsika pang'ono koma kusatsike kupitirira 23 kapena 22. Kukazizira kwambiri chakudya chimaolera mmimba nkusanza, kapena imayamba chifuwa. Kukatentha kupitirira 35 popanda kothawira imatha kufa tsiku lomwelo, kutentha kumapha msanga kuposa kuzizira.

Kamphasa kaja pakokha sikadziwa polekezera. Mukakalumikiza kupulagi mwachindunji kamangotenthabe, kamatha kupitirira madigiri 45, ndipo chomvetsa chisoni nchoti njoka siichoka msanga pamalo pamene pakuiotcha, imangokhalabe pompo makamaka mpweya wa mkholamo ukakhala wozizira. Amene anaonapo mimba ya njoka yopsa saiwala. Mamba oyera apansi aja amayamba kufiira ngati pinki, mwini wake nkumaganiza kuti ikufuna kufundula, patapita masiku pang'ono pamatuluka matuza, mamba amasanduka abulawuni nkuyamba kusupuka, pansi pake chilonda chonyowa chotalika ngati chikhatho. Kupola kwake kumatenga miyezi, mankhwala ndi maulendo a kwa dokotala wa ziweto, ndalama zoposa mtengo wa njokayo kutalitali, ndipo chipsera sichichoka. Zonsezi zimapeweka ndi thermostat. Ndi kabokosi kamene chotenthetsa mumachilumikiza kwa iko, iko nkupita kukhoma, kali ndi kawaya kokhala ndi kamutu koyezera kutentha, mukatchera 32 kamadula kapena kuchepetsa magetsi kutentha kukafika pamenepo. Chotenthetsa chilichonse, kaya mphasa, kaya babu, chidutse pa thermostat. Ndalama zikachepa, bola mugule njoka ya mtundu wamba yabulawuni ija kusiyana nkugula yamitundu yodula kenako nkusowa ya thermostat. Kamutu koyezerako kamangidwe pamalo amodzi koti njoka isakasunthe, chifukwa kakagwera kumbali yozizira thermostat imaona ngati sikunafunde nde imangotenthetsabe osaleka.

Komanso mphasa imangofunditsa pansi pamene yagona basi, mpweya siiutenthetsa, pa chisanu cha kumeneko singakwanitse yokha. Chabwino nchotenthetsa chochokera mmwamba. Pali ceramic heat emitter, babu ladothi lopanda kuwala lomwe likhoza kuyaka usana ndi usiku, pali deep heat projector, babu linanso lotenthetsa lopanda kuwala kwenikweni, palinso babu la halogen lomwe ndi labwino masana okha. Chilichonse mwa izi chikakhala mkati mwa khola chitchingidwe ndi kakhola kawaya, popeza njoka idzakwera nkudzikulunga pababu lamoto. Babu lofiira lija lisiyeni kushopu konko. Amati njoka siziona kuwala kofiira koma sizoona, limangoisokoneza usana ndi usiku. Miyala yotenthetsa ija amati heat rock nayonso ayi, yaotcha njoka zambiri. Kuwala wamba kwa maola 12 masana ndi mdima weniweni usiku nzokwanira, ka timer kotchipa kamagwira ntchitoyo. Nyale ya UVB yofooka, yotulutsa cheza chonga cha dzuwa, ndi yabwino mukaikwanitsa koma isadye ndalama ya thermostat.

Musadalire dzanja poyeza, dzanja lathu limanama. Gulani ma thermometer awiri a digito, ina mbali yofunda ina yozizira, imodzi ikhale yoyezanso chinyezi. Tozungulira tokhala ndi muvi tomata pagalasi tija timaphonya kwambiri. Kamfuti koyezera kutentha kaja tinkakaona pazipata nthawi ya Covid, kali ndi mtundu wake woyezera zinthu osati anthu, nkothandiza kuona kuti pansi penipeni pamene njoka yagona pafunda bwanji.

Nanga load shedding ikabwerera kapena magetsi akangothima? Maola awiri kapena anayi mkhola la PVC kapena lamatabwa si vuto lalikulu, fundikani bulangete pamwamba osatseka timabowo tonse ndipo osatsegulatsegula. Akathima usiku wonse mu July, ikani botolo la madzi ofunda lokulungidwa mthawulo pakona, loti njoka isaligunde mwachindunji, madzi ake ofunda osati owira. Ka inverter kakang'ono kamayendetsa mphasa bwinobwino poti siidya magetsi ambiri. Ndipo mukadziwa kuti magetsi avuta sabata imeneyo osaidyetsa, njala ya sabata imodzi siipha njoka koma kudya nkuzizidwa kumaidwalitsa. Mbaula yamakala kapena hita ya palafini pafupi ndi khola ayi, utsi wake ndi woipa kwa iyo ndi kwa inu nomwe.

Chinyezi chikhale pakati pa 60 ndi 80 peresenti. Njira yake yosavuta ndi zoyala pansi zosunga madzi, makoko a kokonati oduladula kapena ufa wake uja umabwera ngati njerwa yoviika mmadzi, kapena kusakaniza ndi dothi lopanda feteleza ndi mankhwala. Yalani mokhuthala, masentimita 8 mpaka 10, nde muzithira madzi mmakona kuti pansi pazinyowa pamwamba pali pouma. Kupopera ndi botolo kumangokweza chinyezi kwa ola limodzi kenako chatsika, pamwamba nkutsala chinyontho, ndipo njoka yogona ponyowa masiku ambiri mamba apamimba amayamba kuola. Utuchi wa paini ndi wa cedar osayala, mafuta ake onunkhira aja amapweteka mapapo a njoka, nde utuchi wotola kwa akalipentala usiyeni poti simudziwa ndi wa mtengo wanji. Mchenganso ayi. Mwezi woyamba ndimalangiza kuyala mapepala oyera akukhitchini aja, kuti muone chimbudzi chake bwino komanso ngati yabwera ndi tizilombo takuda tonga utitiri wa nkhuku, timakonda kubisala mozungulira maso ndi pansi pa chibwano. Pa mwezi umenewo chinyezi muchipeze poika kabokosi kapulasitiki koboola pambali kokhala ndi ndere zonyowa zija amagulitsa kuti sphagnum moss.

Chomwe chidzakuuzeni ngati chinyezi mwachipeza ndi kufundula. Ikayandikira thupi limachita mbuu, maso amasanduka otuwa ngati mwalowa mkaka, imabisala osafuna kudya kapena kugwidwa. Kenako maso amayeranso, anthu nkumaganiza kuti yafundula kale koma ayi, pakapita masiku ena ochepa nde imakhula mphuno pa khungwa nkuvula khungu lonse kuyambira kumlomo mpaka kumchira, lotembenuzika, ndipo mukalitambasula muona ngakhale timagalasi tiwiri ta mmaso tili pomwepo. Likatuluka lathunthu choncho zinthu zili bwino. Likamatuluka zidutswazidutswa, zina zitatsalira kumchira kapena mmaso, mkholamo mwauma. Osasenda ndi zala makamaka za mmaso, kwezani chinyezi, zikakanika pitani kwa dokotala.

Mobisala mukhale muwiri, mbali yofunda ndi mbali yozizirirako, ndipo mufanane. Mukaika mumodzi mokha njoka imasankha chitetezo kusiya kutentha koyenera, idzakhala mmenemo olo mukuiotcha kapena kuizizira. Mukhale mothina moti ikadzikulunga thupi lizigunda mbali zonse ndi pamwamba, khomo limodzi laling'ono. Zipika zotsegula mbali zonse ziwiri zija zimaoneka bwino kwa ife koma kwa iyo si mobisala. Simukufunika zodula, mbale yapulasitiki yakuda yovundikira yoboola pambali nkusalaza mmphepete imagwira ntchito, ikamakula muzisintha. Ball python zambiri zimene eni ake amadandaula kuti zakana kudya, mukafufuza mumapeza kuti mobisala ndi motakasuka kwambiri kapena kutentha sikuli bwino. Ikaninso nthambi imodzi kapena ziwiri zolimba zomangika bwino. Anthu amati sizikwera, koma kafukufuku wa kummwera chakummawa kwa Nigeria anapeza kuti zazimuna zimadya mbalame zambiri, kusonyeza kuti zimakwera mmitengo, ndipo mnyamata wanuyo akadzadzuka usiku adzaipeza ili pa nthambi. Mbale yamadzi ikhale yolemera yosagubuduka, yoti ingathe kulowamo, madzi kusintha pafupipafupi poti nthawi zina imachitiramo chimbudzi.

Poika khola sankhani malo aphee, osati pawindo pomwe dzuwa limamenya pagalasi chifukwa mkati mumatentha msanga thermostat osatha kuchitapo kanthu, iyo imadziwa kuzimitsa chotenthetsa koma kuziziritsa siingathe. Osatinso pafupi ndi sipika kapena kukhitchini. Ndipo mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu ngati Doom, komanso makoyilo ofukiza aja, mchipinda chimenecho asiyiretu, amapha njoka. Ngati eni fulati amatumiza anthu odzapopera mphemvu, tsiku limenelo njoka ituluke.

Zonse zikakonzeka, yatsani khola lopanda njoka kwa sabata yathunthu. Mnyamatayo azilemba mkabuku kutentha kwa mbali zonse ziwiri ndi chinyezi mmawa kwambiri, masana ndi usiku asanagone. Manambala akakhazikika nde mukatenge njoka. Izi zidzakuonetsaninso inuyo ngati mwanayo ali ndi mtima wosamala kapena changokhala chilakolako cha mavidiyo a pafoni.

Pogula funsani yobadwira mmanja mwa oweta, osati yogwidwa kutchire, ndipo akuonetseni kuti yadya kangapo motsatizana, yadya chani komanso liti. Ikhale yozolowera makoswe kapena mbewa zakufa zouma mufiriji zomwe mumasungunula nkufunditsa mmadzi ofunda, osati mu microwave. Khoswe wamoyo amaluma, akasiyidwa mkhola usiku amatha kuidya njokayo msana. Makoswe ogwira mnyumba kapena mbewa zakutchire ayi ndithu, amakhala ndi njoka zammimba ndipo ena adya poizoni. Mtundu wa maonekedwe umene amati spider ndingakonde muupewe, umabadwa ndi vuto la mutu kugwedera ndi kuzungulira, lilibe mankhwala.

Za malamulo, ku South Africa chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake pa zoweta nyama zotere, nde funsani ku ofesi yoona zachilengedwe ya Gauteng musanagule, ndipo risiti yogulira muisunge. Pangano lanu la lendi muliwerengenso, ma fulati ambiri amafuna chilolezo cholembedwa pa chiweto chilichonse, kubisa kumadzathera kothamangitsidwa. Ngati mukuganiza zodzabwerera nayo kumudzi, dziwani kuti ball python ili pa mndandanda wotchedwa Appendix II wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, kudutsa nayo malire kumafuna mapepala, ndipo ku Malawi zimadzera ku Department of National Parks and Wildlife. Kuiika mchikwama nkukwera nayo basi ya pa Beitbridge ndi Mwanza ndi mlandu, komanso ulendo wotero ikhoza kufera mnjira.

Palinso nkhani ina imene akushopu sangakuuzeni koma ife timaidziwa. Pakati pa anthu akwathu, munthu wosunga njoka mnyumba ena amamuganizira zokhwima, ndipo mawu otere amayenda msanga mpaka kumudzi. Ine sindiona choipa chilichonse pa mwana wokonda zolengedwa, ena mwa ana otere ndi amene amadzakhala madokotala a ziweto ndi oyang'anira nkhalango, ndipo ku Ouidah ku Benin njoka zomwezi amazilemekeza mpaka zili ndi kachisi wake. Komabe ganizirani mbale amene amabwera kudzagona kwanu, muuzeni asanafike, muonetseni khola lokhoma ndi risiti, asachite kuitulukira yekha usiku. Mwananso mumuuze kuti njoka si yoopsezera anzake kapena alendo.

Ikafika isiyeni osaigwira kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndikudziwa kuti kwa mnyamata wazaka 14 apa nde povuta zedi. Yesani kuidyetsa pakatha sabata, madzulo, ndi chopanira chachitali osati ndi zala, nyama yake ikhale yonenepa mofanana ndi pakati pa thupi lake. Kamwana kamadya masiku 5 mpaka 7 alionse, yaikulu pakatha masabata awiri kapena atatu. Ikadya osaigwira kwa masiku awiri, ikhoza kusanza. Ikadya bwino kawiri katatu nde ayambe kuigwira mphindi zochepa, akuichirikiza ndi manja onse awiri, osaiika mkhosi. Yaikulu imatha kukana chakudya kwa miyezi makamaka nyengo yozizira, sikelo yakukhitchini ndi yomwe idzakuuzeni ngati pali vuto, ngati thupi silikutsika musade nkhawa, koma kamwana kakakana kangapo motsatizana kafunika kuonedwa.

Kusamba mmanja ndi sopo mukagwira njoka kapena za mkhola ndi lamulo, chifukwa zokwawa zimanyamula Salmonella yomwe imatsegula mmimba. Mbale yake isatsukidwire mu sinki yotsukira mbale zanu, makoswe ake mufiriji akhale mkontena yawoyawo yotseka, ndipo mwana wosakwana zaka 5 kapena mayi woyembekezera asaigwire. Potsuka khola mankhwala ophera majeremusi a F10 omwe amapezeka mosavuta kumeneko ndi abwino mukasungunula monga alembera pabotolo. Mukamva ikupuma molira ngati kakhweru, kapena mukaona thovu ndi mamina kukamwa, kuyasamula kukamwa nthawi yaitali, mimba kufiira, kapena kukhalitsa mmadzi masiku angapo, musadikire malangizo a pa Facebook, pitani kwa dokotala wa ziweto. Si onse amene amaona njoka, ambiri anazolowera agalu ndi amphaka, nde imbani mafoni panopa mupeze amene amaona zokwawa pafupi ndi kwanu, nambala yake ilembedwe pachikuto cha kabuku ka mnyamata kaja.